Mkamwini wa Nyenyezi Zophulika

Ntchito yanga, mpaka tsiku limene ndinapuma, inali yokayikira anthu. Kampani ya inshuwalansi m'tauni ya Lusaka inkandituma kulikonse kumene kwapsa, kaya ndi sitolo ku Emmasdale kaya nyumba ku Makeni, kuti ndikaone ngati moto unabuka wokha kapena wina anauthandiza. Ndinkafika phulusa likadali lofunda, mwini malo akulira mokweza, ine maso ali pa nsapato zake. Munthu wodzidzimutsidwa ndi moto sakhala ndi nthawi yomanga zingwe za nsapato. Ntchitoyo inandisiyira khalidwe limene mkazi wanga amadana nalo mpaka lero: munthu akandiuza kuti kunja kukugwa mvula, ndimayamba ndasuzumira pawindo.

Ndiye mlongo wanga wa ku Chelstone atandiimbira foni kuti mwana wake wamkazi wapeza mwamuna, ndipo ankhoswe a mwamunayo akufuna kubwera Loweruka lakumapeto kwa mwezi, sindinafunse za kwawo kapena za mpingo wake.

"Amagwira ntchito yanji?"

"Achimwene, nkhani ili pomwepo," anatero mlongo wanga motsitsa mawu. "Akuti amafufuza nyenyezi zophulika."

"Zophulika kuti?"

"Kumwamba."

"Ofesi yake ili kuti?"

"Alibe. Amagwirira m'nyumba, ku Woodlands. Malipiro akuti amachokera kunja."

Ndinaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Bambo a mtsikanayu anamwalira iye akadali ku pulayimale, ndipo kwathu ku Katete, ngakhale bambo akhale moyo, mawu omaliza pa ukwati wa mwana ndi a malume. Mlongo wanga ananena mosapsatira: "Mukati inde, ndiwalandira. Mukati iyayi, abwerere ndi mbale zawo zofunsira ukwati." Amayi a ku mpingo wake wa Pentekoste anali atamudzaza kale m'makutu kuti munthu wowerenga nyenyezi ndi woombeza, ndipo ndalama zobwera munthu ali khale m'nyumba n'za satana. Ine za satanazo sindinazitenge. Ndinaona zinthu zambiri pa ntchito yanga, ndipo nthawi zonse satana ankapezeka kuti ndi munthu wamba wokhala ndi machesi. Chimene ndinkaganiza ine chinali chapafupi: mwina ndi mmodzi wa anyamata oba pa intaneti, mwina ali ndi mkazi ndi ana kunja kumene kumachokera malipiroko.

Mtsikanayo anabwera kwathu ku Kabwata Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Ndi mwana wanzeru, amagulitsa mankhwala m'famase ku Kabulonga, ndipo sanativutitsepo. Ndinamufunsa mafunso omwewo.

"Amalume, ndi dokotala," anatero akumwetulira.

"Wa chipatala chiti?"

"Osati wa odwala. Wa maphunziro."

"Unakaonako kumene anaphunzirako?"

"Ndinaona zithunzi."

Zithunzi! Ine ndinaonapo zithunzi za katundu wodzaza sitolo amene sanakhalepo m'sitolomo. Mwanayo ankalankhula za mnyamatayo nkhope ikuwala, ndipo zinandimvetsa chisoni, chifukwa umboni wa munthu wokonda ndi wopanda ntchito. Atachoka ndinauza mkazi wanga kuti ndipita ndekha ku Woodlands.

"Abambo, mwapenga?" anatero. "Malume amapita kunyumba kwa mkamwini ankhoswe asanabwere? Tumani munthu."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," ndinamuyankha. "Komanso sindipita ngati malume. Mnyamatayo sanandionepo."

Ndinatulutsa jekete langa lakale la kuntchito, tochi ndi katesita koyezera magetsi. Chaka chimenecho magetsi ankazima tsiku ndi tsiku, aliyense anali ataunjika mabatire ndi sola m'nyumba, ndipo eni nyumba za lendi ankagona ndi mantha a moto. Munthu wa inshuwalansi wodzaona mawaya sakanadabwitsa aliyense.

Mmawa wina ndinayamba, monga mwa chizolowezi changa, ndi anthu a pamsewu. Pakona ya msewu wa mnyamatayo, umene mlongo wanga anandilongosolera, panali mayi wogulitsa tomato ndi makala. Ndinagula tomato amene sindinkawafuna, n'kufunsa za mnyamata wa m'kanyumba ka kuseri kwa geti yakuda.

"Baja ba magalasi?" anatero mayiyo m'chinyanja cha m'tauni. "Sibachoka, ba dadi. Siku yonse bali mukati na kompyuta. Usiku bagona bwangu monga nkuku."

"Munawaonapo akuyang'ana kumwamba?"

"Kumwamba? Kapena ngati bayanika zovala, baona mvula."

Ndinamva kukoma mumtima, kukoma kuja kumene mlenje amamva akaona mapazi. Munthu wa nyenyezi wogona ndi nkhuku! Zili ngati msodzi woopa madzi. Ndinadikira mwini nyumba yaikulu atuluke ndi galimoto, n'kulowa pageti mmawa womwewo dzuwa litakwera.

Ananditsegulira mnyamata wamtali, woonda, wamagalasi, atavala kabudula ndi patapata. Atangondiona anauma. Ndikunena zoona, anauma gwa ngati waona njoka pakhomo. Ndinanena bodza langa la mawaya, iye n'kupatuka pakhomo.

"Lowani, bambo. Pepani, ndikubwera."

Anathamangira kuchipinda. Ndinatchera khutu kuti ndimve ngati akubisa chinthu, kapena munthu. Anatuluka atavala thalauza lalitali ndi shati ya manja aatali, mabatani mpaka pakhosi, kunja kukutentha. M'nyumbamo munali mpando umodzi wabwino, wa pa tebulo la kompyuta. Anaukokera kwa ine, iye n'kukanjuta pafupi ndi chitseko. Ndinalemba m'mutu: wakhala pafupi ndi pothawira.

Mabatire anali bwino, mpaka zinandinyansa. Mawaya okhuthala, olumikizidwa mwaukhondo, pamalo popita mphepo. Ndinagwadagwada, kuunikaunika ndi tochi, osapeza chonena. Pamene ndinkadzuka ndinapeza wandiikira tiyi ndi buledi pa thireyi, kapu imodzi yokha.

"Inu simumwa?"

"Ndamwa kale, bambo."

Linali bodza. Pasinki panalibe kapu yogwiritsidwa ntchito, ndipo ketulo inali itangowira kumene. Maso ake anali pa simenti. Chilowereni changa anali asanandiyang'ane kumaso ngakhale kamodzi, ndipo thukuta linali litayamba kudontha m'mbali mwa magalasi. Anyamata a ku Lusaka a masiku ano amakuyang'ana m'maso n'kukupatsa moni wa "shani, mdala," ngakhale uli ndi imvi. Uyu ankachita ngati wamangidwa kale.

Pa kompyuta panali chithunzi cha chinthu chozungulira ngati nkhata, chofiira m'mbali, m'kati muli timadontho toyera tambirimbiri. Ndinakhala pampando uja, n'kuloza ndi tochi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi phulusa la nyenyezi imene inaphulika kalekale, bambo. Likumwazikabe mpaka lero."

"Nyenyezi imaphulika bwanji? Muli petulo?"

Anamwetulira pang'ono, maso akadali pansi, ndipo mawu ake anayamba kulimba. Anati nyenyezi ngati dzuwa lathuli ikatha nkhuni zake siphulika ayi, imangofota, n'kutsala kanthu koyera, kakang'ono ngati dziko lathu lino koma kolemera pafupifupi ngati dzuwa. Kakakhala kokha kamangozirala pang'onopang'ono, osavuta munthu.

"Nanga aka kanaphulika bwanji?"

"Chifukwa sikanali kokha, bambo. Nyenyezi zambiri zimayenda ziwiriziwiri, kuzungulirana. Koyera kaja kakakhala pafupi kwambiri ndi inzake, kamakoka mpweya wa inzakeyo n'kumadziunjikira. Kulemera kukafika poti sikangathenso kupirira, kamayaka konse nthawi imodzi."

"Ndiye chimene chinayambitsa moto mukuchidziwa. Mukufufuzanso chiyani?"

"Pali njira ina. Mwina inzakeyo nayonso inali yoyera, yofota, ziwirizo n'kumayandikirana mpaka kugundana. Zikatero zikhoza kuthera limodzi, osatsala kanthu. Koma ngati inzakeyo inali nyenyezi wamba, iyenera kuti inapulumuka. Ikhala yowauka, yosendeka, ndipo ikuthawa pa liwiro lalikulu chifukwa chimene chinkaigwira chinachoka. Ine ndimasaka yopulumukayo."

Pamenepo ndivomere, anandigwira pamtima. Sitolo ikapsa, munthu woyamba amene ndinkamufuna ndi amene analipo moto usanabuke n'kuchoka mothamanga. Koma kukopeka kwangako kunandiwonjezera kukayika. Akuba onse aluso amadziwa kukuuza nkhani imene iwe umaikonda. Ndinaganiza zomupanikiza monga ndinkachitira ndi eni masitolo: kufunsa chinthu chimodzi m'njira zosiyanasiyana, kudikira kuti nkhani isinthe.

"Mumaizindikira bwanji pakati pa timadontho tonseti?"

Anati amayerekeza zithunzi zakale ndi zatsopano kuti aone nyenyezi imene yasuntha msanga kuchoka pakati pa nkhatayo. Kenako amasanthula kuwala kwake kuti aone ngati inathimbirira ndi chitsulo chochokera m'kuphulikako.

"Ngati fungo la parafini pa malaya," ndinatero.

"Chimodzimodzi, bambo."

"Koma anthu a pamsewu akuti inu usiku mumagona. Nyenyezizo mumaziona nthawi yanji?"

"Makina oonera ali kutali, ena pamapiri a ku Chile, ena m'mlengalenga. Zithunzi zimabwera pa kompyuta. Ine ntchito yanga ndi ya masana."

Yankho linali losalala kwambiri, ndipo mayankho osalala sindiwakonda. Ndinamwa tiyi, n'kufunsa kuti ndani angalipire munthu chifukwa cha moto wa kumwamba umene sunawotche nyumba ya aliyense. Anati kuphulika kwa mtundu umenewu kumawala mofanana kwambiri, ngati mababu a mphamvu imodzi, ndiye akatswiri amakugwiritsa ntchito poyeza kutalika kwa mlengalenga: kukaoneka kozimirira, ndiye kuti kuli kutali. Koma ngati kuphulikako kumabadwa m'njira ziwiri zosiyana, muyezowo uyenera kuunikidwanso bwino.

Ndinabwereranso kumbuyo dala. "Mwati koyera kaja ndi kamene kamathawa?"

"Ayi, bambo. Koyera ndi kamene kamaphulika. Yothawa ndi inzake."

Nkhani sinasinthe. Ndinayesa kachiwiri mozungulira, sinasinthebe. Ndiye ndinaponya funso limene limagwetsa anthu ambiri.

"Mwaipeza?"

"Ayi."

"Zaka zonsezi?"

"Ndinakayikirapo zingapo. Ina ndinkaikhulupirira kwambiri, mpaka ndinasiya kudya. Titaiyeza bwino inapezeka kuti ili pafupi ndi ife kuposa phulusalo, yangodutsa kutsogolo."

"Munthu wodutsa pamsewu nyumba ikupsa."

"Eya, bambo. Kusaipezako nakonso kumatiuza kanthu, mwina zonse ziwiri zinali zoyera ndipo zinathera limodzi. Koma sindingalumbire. Mwina ilipo, yangozimirira kwambiri moti makina athu sakuiona. Mwina sindidzaipeza."

"Nanga okulipiraniwo akatopa?"

"Ntchitoyi ndi ya zaka zowerengeka. Ikatha ndiyenera kupemphanso, ndipo akhoza kukana. Akakana ndidzaphunzitsa masamu ku sekondale."

Ndinayang'ana m'nyumbamo ngati ndikufuna soketi ina. Panalibe nsapato za mkazi, panalibe chidole cha mwana. Ndinafunsa ngati mocheza: "Muli pabanja, achimwene?"

Ha! Thukuta linachita ngati amuthira madzi. Anapinda manja, mutu unalowa m'mapewa. "Alipo amene ndikumufuna, bambo. Koma akuluakulu sanakambirane, ndiye si bwino kuti ine ndiyambe kulankhula."

Potuluka ndinaiwala tochi patebulo. Anandithamangira nayo mpaka pageti, n'kundipatsa ndi manja awiri, nkhope atatembenuzira kumbali. Ndinakwera minibasi ndili wotsimikiza. Za nyenyezizo mwina anaziwerengadi penapake, koma munthu wosalakwa satuluka thukuta chotero pamaso pa munthu wodzaona mawaya.

Lachisanu masana ndinapita ku Chelstone. Ndinakhala pabalaza ndi mlongo wanga, n'kumuuza zonse: sayang'ana munthu kumaso, ananama za tiyi, anakhala pachitseko ngati wofuna kuthawa, funso la banja linamugwedeza thupi lonse, ndipo ntchito yakeyo ndi yosaka chinthu chimene iye mwini akuti mwina sadzachipeza.

"Chikomekome cha nkuyu, mlongo wanga," ndinatero. "Pali chimene akubisa. Sindikudziwa kuti n'chiyani, koma chilipo. Ine mwana wathu sindimupereka."

Kukhitchini madzi a pampopi anasiya kutuluka. Sindinadziwe kuti mtsikanayo anali ataweruka msanga tsiku limenelo. Mlongo wanga anati kubweza anthu pafoni n'chipongwe, abwere ndithu, tidzawakanire pamaso mwaulemu. Pochoka, mwana amene nthawi zonse ankandiperekeza mpaka pa siteji sanatuluke. Zinandipweteka, koma ndinadziuza kuti adzandithokoza akadzakula.

Loweruka ankhoswe anafika chakummawa: bambo wachikulire wa ku Chipata ndi mkazi wake. Mnyamatayo, monga mwa mwambo, sanabwere. Alendowo anakana mipando, n'kukhala pansi pa mkeka, ndipo mayiyo anamasula chitenje n'kuika pakati pathu mbale ziwiri zovundikirana, zimene wofunsira amatumiza. Banja likazilandira, ndiye kuti lavomera. Ine ndinakhala pampando wa malemu mlamu wanga, mawu okanira ndili nawo kale pakamwa. Mkazi wanga ndi mlongo wanga anakhala kumbali.

Titapatsana moni, bambo uja anawomba m'manja pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa ine.

"Tisanayambe, bambo, tili ndi chipepeso. Mwana wathu anatiimbira foni tsiku lija munamuyendera, mutangotuluka pageti. Akuti, 'Amalume ake abwera kunyumba, andipeza ndili m'kabudula.' Anakudziwani pa chithunzi cha tsiku limene mwana wanuyu anamaliza maphunziro. Akuti munabwera ngati munthu wa magetsi, ndiye anaopa kukuchititsani manyazi pokutchulani. Anangoyesetsa kusunga mwambo: osakuyang'anani kumaso, osadya pamaso panu, osakhala pampando. Koma akudandaula kuti anakupatsani buledi wopanda majarini. Mumukhululukire, ndi wosakwatira."

Mkazi wanga anatsokomola, chifuwa chimene ndimachidziwa bwino, cha munthu amene akumeza chiseko. Mlongo wanga ananditembenukira pakamwa pali yasa. Ine nkhope inatentha mpaka m'makutu. Ine, mwana wa ku Katete, amene ndinakhala chaka chathunthu ndikupatukira kutchire ndikaona apongozi anga panjira!

Musaganize kuti kukayika kunatha pomwepo. Ayi ndithu, kunangotembenuka. Ndinati mumtima: ngati anandidziwa, ndiye kuti mmawa wonse uja ankasewera nane. Anandisiya ndikugwada pa simenti ndi tochi, iye akudziwa. Munthu wotha kusunga nkhope chotero angathe kubisanso zina. Nkhani ya moto ndi wothawa ija, kodi sanaikonze dala atamva kwa mtsikanayu ntchito imene ndinkagwira?

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkakana kulowa m'nkhani yangayo, ndipo ndinachitembenuza uku ndi uku osapeza pochiika. Mnyamatayo ankadziwa kuti amene wakhala pampando wake ndi munthu amene adzanene inde kapena iyayi. Wofunsira aliyense amene ndikumudziwa, ine ndemwe m'masiku anga, akanakuza zinthu: ntchito ikuyenda, mabwana akundikonda, chaka chamawa ndigula puloti ku Lilayi. Uyu anandiuza kuti chimene akusaka sanachipeze, kuti mwina sadzachipeza, ndi kuti ntchito ikhoza kutha. Anandipatsa yekha ndodo yomumenyera.

Mpaka lero ndimati kupita kwanga ku Woodlands kunali koyenera. Mwana sapatsidwa kwa munthu chifukwa cha zithunzi. Koma nthawi imeneyo panalibe mpata woganiza zambiri, chifukwa mlongo wanga, posowa chochita, anali ataitana kale mtsikanayo kuti mwambo upitirire.

Analowa atavala chitenje, maso otupa. Anagwada pafupi ndi khomo. Woyenera kufunsa ndinali ine.

"Anthu awa ukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa, amalume."

"Chimene abwerera ukuchidziwa?"

"Ndikuchidziwa."

"Ngati ukuwadziwa, tenga mbalezo."

Mtsikanayo anali atamva zonse dzulo lake kukhitchini, ndipo chipepeso cha ankhoswe sanachimve, chifukwa anali kuchipinda chakumapeto. Ankadziwa kuti ndikana. Komabe anayenda ndi maondo mpaka pa mkeka, ananyamula mbalezo, n'kubwera nazo kwa ine. Anazitambasula ndi manja awiri. Mbale yapamwamba inkagunda yapansi, kwe kwe kwe, aliyense m'nyumbamo akumva. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa kupalasa njinga pabwalo la mafulati a ku Kabwata, ndikuthamanga pambuyo pake nditagwira chishalo. Tsopano ankandiopa, ndipo anabwerabe.

Mlongo wanga ananong'ona, "Achimwene."

Ndinalandira mbalezo.

Mayi wa ku Chipata analuluta, mkazi wanga n'kulandira nthungululuyo. Koma mtsikanayo sanadzuke. Anagwetsa mutu pa bondo langa n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kogwedeza msana, mpaka misozi inalowa m'thalauza. Ndinafuna kumudzutsa, kumuuza kuti basi, mwanawe, zatha. Koma manja anga onse awiri anali atagwira mbale, ndipo panalibe pozitula.